Mawu oti increment: tanthauzo lake ndi kagwiritsidwe kake, pa kontirakiti ngakhale pa sikelo

Mawu oti increment kuno kuchigwa cha Shire timangowakumbuka nthawi ya malipiro basi. Mphunzitsi wa ku Ngabu akati "increment yatuluka", kapena wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo akamafunsa mnzake kuti "aise, increment chaka chino iliko?", aliyense amamva kuti nkhani ndi ya salale kukwera. Sikulakwa ayi. Koma limenelo ndi theka chabe la tanthauzo lake, ndipo theka lotsalalo ndi lomwe limathandiza munthu akagwira kontirakiti m'manja, kapena akaima pamaso pa venda wa chitowe sikelo ikulendewera mumtengo.

Increment ndi kuwonjezera kwakung'ono, kwa muyezo wodziwika, komwe kumabwera mobwerezabwereza. Taganizani makwerero okwerera padenga, mpata wochoka pa thabwa limodzi kufika pa linzake ndi wofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, nde mpata umodziwo ndiye increment. Kutalika kwa nyumba yonse si increment ayi, koma sitepe imodziyo. Ena amamasulira kuti pang'onopang'ono ndipo ayandikira ndithu, kungoti pang'onopang'ono wathuyu satiuza kuti pang'onopo ndi zingati, pamene increment nthawi zambiri imayenda ndi nambala pambali pake, kaya K5,000, kaya magalamu 500, kaya mphindi 15.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, incrementum, ndipo muzu wake ndi mneni crescere, kutanthauza kukula. Increase naye anachokera komweko, n'chifukwa chake amafanana nkhope. Kufanana kumeneku ndi komwe kumagwetsa ana athu polemba. Ambiri amalemba "increament" poganiza kuti poti mu increase muli ea ndiye kuti umunso alimo. Mulibe. Ndi i-n-c-r-e-m-e-n-t, zilembo 9, a mulibe olo mmodzi. Ana a folomu 4 amene mukukonzekera MSCE chonde lembani zimenezi pachikuto cha kope. Potchula mphamvu imagwera koyambirira, IN-kri-ment. Ife pocheza timati inkilimenti ndipo palibe vuto, koma pa intavyu yesetsani kugogomeza IN woyambirirayo, kumapetoko osawonjezera i.

Tsono mudziwa bwanji kuti apa pakufunika increment, apa pakufunika increase? Dzifunseni ngati chinthucho chakwera pang'ono potsata ndondomeko yomwe inalipo kale, ndipo chidzakweranso chimodzimodzi nthawi yake ikakwana. Ngati inde, increment ikukwana. Ngati chakwera kamodzi n'kamodzi, mwadzidzidzi, kapena kwambiri, gwiritsani increase. Increase ndi mawu otakata, amakwana paliponse, waung'ono kapena wamkulu. Increment iliyonse ndi increase, koma si increase aliyense amene ali increment.

Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti yokwera Thabwa kupita ku Blantyre inalumpha masiku ochepa okha. Imeneyo Mzungu sanganene kuti increment, amati "a sharp increase" kapena "a price hike". Mu 2024 boma litakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika K90,000 pamwezi, anthu ambiri ankati increment, koma kulumpha kwa K40,000 pa K50,000 ndi increase weniweni. Madzi a Shire ndi Ruo mmene anadzadzira nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, abale athu a ku Makhanga akuthawira kumtunda usiku, kumeneko ndi "a sudden rise". Koma chitsulo choyezera madzi a mtsinje chomwe chimazikidwa m'mbali, ngati cha ku Chiromo, mizere yake inajambulidwa "in increments", masentimita otsatizana ofanana. Mtsinje umakwera mmene wafunira, choyezeracho ndiye chili ndi masitepe ake osasintha.

Ndinene chilungamo pano, ku Malawi kuno tinazolowera kunena "fees increment", "fare increment", ngakhale m'manyuzipepala mumazipeza, ndipo aliyense amamva. Ine sindingamuletse munthu kuyankhula choncho pa depoti ya Dyeratu. Koma pa mayeso, pa kalata yofunsira ntchito, kapena polemba lipoti lopita kwa anthu akunja, lembani "an increase in school fees", "a fare increase". Simudzalakwa.

Kamangidwe ka chiganizo sikovuta. Increment ndi dzina la chinthu chowerengeka, imodzi ndi "an increment", osati "a increment" chifukwa ikuyamba ndi i, zambiri ndi "increments". Mukafuna kutchula kukula kwake mumaika of: "an increment of K10,000". Mukafuna kutchula chomwe chikukwera mumaika in, "an increment in salary", kapena kungoti "a salary increment". Ndiye pali kachiganizo kamene ndimafuna aliyense akaloweze pamtima, "in increments of". Chitsanzo, "Members save in increments of K1,000", kutanthauza kuti mamembala amasunga K1,000, K2,000, K3,000 chonchobe, K1,500 ayi. Amayi a banki m'khonde amazidziwa kale zimenezi olo sanamvepo mawuwa, paja pamsonkhano umodzi munthu amagula masheya kuyambira imodzi mpaka 5, ndipo sheya siduka pakati. Mtengo wa sheya imodziyo ndiye increment ya gululo.

Palinso incremental ndi incrementally. "Incremental change" ndi kusintha kobwera m'zigawo zing'onozing'ono, "incrementally" ndi kuchita chinthu mwa njira imeneyo. Amabungwe amawakonda mawu amenewa m'malipoti awo. Munthu womanga nyumba yake pa Bangula, chaka chino maziko, chaka chamawa khoma kufika pawindo, akagulitsa thonje malata, ameneyo "is building incrementally". Chomwe musachite ndi kutenga increment ngati mneni pa nkhani za tsiku ndi tsiku. "They incremented my salary" imamveka yachilendo, nenani "They increased my salary" kapena "I got an increment". Ku Britain kukwezedwa malipiro amangoti "a pay rise", ku America "a raise". Mneni increment kwawo ndi kwa akompyuta, komwe "increment the counter" kumatanthauza kuwonjezera 1 pa nambala. Mu chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa C amalemba ++ pofuna kutero, ndipo dzina la chiyankhulo china chija C++ linachokera pamenepo, C wowonjezeredwa sitepe imodzi. Mawu otsutsana nawo ndi decrement, kuchotsera pang'ono, koma kunja kwa kompyuta ndi masamu simudzawamva kawirikawiri.

Musasokonezenso ndi instalment. Instalment ndi kachigawo ka ngongole kapena mtengo womwe mukulipira pang'onopang'ono, ngati mwatenga sola kapena njinga yamoto yolipira mwezi ndi mwezi. Pa instalment ndalama yonse ndi yodziwika kale, inu mukungoidula zidutswa. Pa increment chinthu chikukula.

Tsopano tifike pa kontirakiti, chifukwa apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Anthu ambiri kuno, alonda, ophika, oyendetsa galimoto, aphunzitsi a masukulu apulaiveti, ogwira ntchito m'mabungwe, amasayina pepala atangoona mawu oti "annual increment" n'kusangalala, osafunsa chilichonse. Chaka chikatha palibe chabwera, kukafunsa akuuzidwa kuti werengani bwino. Nde musanasayine pezani mayankho a mafunso awa pa pepala lomwelo, osati pakamwa pa abwana: ndi zingati, imabwera liti, ikuwerengedwa kuchokera pa ndalama iti, ndipo pali zoti mukwaniritse kaye kapena ayi.

Pa funso la zingati, increment imabwera mitundu iwiri. Ina ndi ndalama yokhazikika, ina ndi peresenti. Tiyerekeze mumalandira K200,000. Akati K10,000 pachaka, mudzalandira K210,000, kenako K220,000, kenako K230,000. Akati 5 peresenti pachaka, chaka choyamba ndi K210,000 yomweyo, koma chachiwiri ndi K220,500, chachitatu K231,525, chifukwa peresentiyo ikuwerengedwa pa salale yomwe yakwera kale. Poyamba kusiyana kumaoneka kochepa, koma zaka zikamapita mpata umakula. Ine pa ziwirizi ndingasankhe peresenti. Komanso yang'anani ngati peresentiyo ili pa basic, salale yopanda ma allowance, kapena pa gross, ndalama yonse pamodzi ndi ma allowance. Ngati K200,000 yanuyo ili yoti basic ndi K140,000 ndipo K60,000 ndi ma allowance, 5 peresenti ya basic ndi K7,000 basi, osati K10,000. Munthu amafika kunyumba atauza kale mayi a ana kuti kukubwera K10,000, pa payslip n'kupezapo zina, mkangano n'kuyambika ndi akawuntanti pamene zinalembedwa kale mu kontirakiti.

Ndipo olo K7,000 imeneyo simuigwira yonse. Ngati salale yanu ili mu gawo lodulidwa msonkho wa PAYE, increment nayo idulidwa. Penshoni nayonso, malamulo athu amati wantchito azipereka 5 peresenti ndipo olemba ntchito 10 peresenti, nde malipiro akakwera zoperekazo zimakweranso. Kumeneku sikuluza ayi, ndi ndalama yanu yomwe ikukudikirani kutsogolo, koma dziwani kuti yolowa m'thumba mwezi umenewo ichepa ndi yomwe yalembedwa m'kalata.

Mawu awiri ang'onoang'ono oti muwasake ndi chala ndi shall ndi may. "The employee shall receive an annual increment" ndi lonjezo, akuyenera kupereka. "The employee may receive an annual increment" ndiye kuti akhoza kupereka kapena osapereka, zili kwa iwo. Zilembo zochepa koma zimasintha nkhani yonse. Mukaonanso "subject to satisfactory performance" dziwani kuti ayamba aunika kaye kagwiridwe kanu ka ntchito, ndiye funsani kuti amaunika ndani, mwezi uti, ndipo zotsatira mumapatsidwa polemba kapena ayi. "Subject to availability of funds" ndi yomwe amakonda amabungwe odalira madona, kutanthauza kuti ngati ndalama palibe increment palibenso. Sindikuti mukane ntchito chifukwa cha mawu amenewa, ntchito ndi yosowa tonse tikudziwa, koma lowani mukudziwa chomwe mwalonjezedwa ndi chomwe simunalonjezedwe. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati olemba ntchito azipereka kwa wantchito chikalata chofotokoza mfundo za ntchito yake kuphatikizapo malipiro, nde kupempha kope lanu si mwano. Ngati Chizungu chake chavuta, pitani nalo ku ofesi ya leba paboma, kaya ku Chikwawa kaya ku Nsanje, kapena kwa munthu wodziwa amene mumamukhulupirira, akuwerengereni musanaike dzina.

Tsiku loyambira nalo ndi lofunika, amalemba kuti "effective date" kapena "with effect from". Ngati increment inayenera kuyamba April koma yayamba kuoneka pa payslip ya July, ndalama ya April, May ndi June ndi yanu, imeneyo ndiyo ma arrears. Werengani nokha, increment kuchulukitsa ndi miyezi yomwe yadutsa, musadikire kuti wina akukumbutseni.

Kuboma ndi m'makampani akuluakulu malipiro amakhala m'magiredi, ndipo mkati mwa giredi imodzi mumakhala timasitepe, ena amati ma notch. Kusuntha kuchoka pa notch imodzi kupita pa yotsatira, udindo uli womwewo, ndiyo increment yeniyeni mmene mawuwa amatanthauzira. Kuchoka giredi ina kupita ina ndi promotion. Ndalama yongopatsidwa kamodzi kumapeto kwa chaka kapena kwa sizoni ndi bonus, mwezi wotsatira salale imabwerera pomwe inali, pamene increment ikalowa yalowa, imakhala mbali ya malipiro anu. Ndipo boma likalengeza mu bajeti kuti lakweza malipiro a onse ogwira ntchito m'boma, kumeneko ndi kukonzanso malipiro onse, "salary adjustment" kapena "general increase", ngakhale tonse timangoti increment. Mukafika pa notch yomaliza ya giredi yanu masitepe atha, chotsala ndi promotion.

Chinanso chomwe sitingachibise, increment sikutanthauza kuti mwalemera kuposa chaka chatha. Mu 2023 ndi 2024 kukwera kwa mitengo ya zinthu m'dziko muno kunali pamwamba pa 20 peresenti pachaka. Munthu amene analandira 5 kapena 10 peresenti nthawi imeneyo, nambala pa payslip inakwera koma thumba la chimanga lomwe akanagula linachepa. Pokambirana ndi abwana kapena pamsonkhano wa yuniyoni, siyanitsani ziwirizi, increment ya chaka ndi chaka yobwera chifukwa cha zaka zomwe mwagwira, ndi "cost of living adjustment" yothamangitsana ndi mitengo. Musalole kuti imodzi ilowe m'malo mwa inzake.

Alimi musaganize kuti nkhaniyi ndi ya apantchito okha. Sikelo iliyonse ili ndi increment yake, kutanthauza kulemera kochepetsetsa komwe ingathe kuonetsa. Masikelo opachika aja okhala ndi muvi, mukayang'anitsitsa pankhope pake pamalembedwa tizilembo ngati "100 kg x 500 g" kapena "50 kg x 200 g". Nambala yoyamba ndi malire a katundu yemwe ingasenze, yachiwiri ndiyo increment, kamzere kamodzi n'kofanana ndi magalamu amenewo. Ngati zolembazo zinafufutika, muipeze nokha motere. Sankhani manambala awiri oyandikana, tinene 30 ndi 35, chotserani, mupeza makilo 5. Kenako werengani mipata yomwe ili pakati pawo, mipata osati mizere, apa ndi pomwe ambiri amaphonya chifukwa mizere yapakati imakhala yochepa ndi umodzi. Ngati mipata ilipo 10, gawani 5 ndi 10, increment ndi theka la kilo.

Ndiye taonani zomwe zimachitika pa msika wa chitowe kapena nandolo. Thumba lapachikidwa pa ngowe, muvi ukugwedezeka, waima pakati pa 47 ndi theka ndi 48, wogula watchula kale kuti "47" thumba likutsitsidwa, inu muli pambali mukupukuta thukuta, dzuwa la kuno mukulidziwa, mzere kumbuyo ndi wautali ndipo aliyense akufuna zithe. Pa thumba limodzi mwataya kuposa theka la kilo. Pa matumba 20 ndi makilo opitirira 10, thukuta lanu lomwelo la m'munda. Choti muchite, imani kutsogolo kwa sikelo maso anu alunjike ndi muvi, osati chammbali chifukwa chammbali muvi umanamiza. Onani kuti sikelo ili pa 0 isanapachikidwe kanthu. Dikirani muvi uime. Werengani mokweza nokha, nambala yaikulu kenako timizere, "47, kamzere kamodzi, 47 ndi theka". Ndipo gwirizanani musanayambe kuti muvi ukaima pakati muziwerengera kamzere kamene wayandikira, osati kutsika pansi nthawi zonse. Katundu wochepa koma wodula asayezedwe pa sikelo ya makilo 100, pemphani ya increment yaing'ono. Masikelo a malonda amayenera kuyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, kufunsa ngati inayezedwa ndi ufulu wanu.

Njira yomweyi ya kuchotsera ndi kugawa imagwiranso pa sirinji. Kuno ng'ombe ndi mbuzi ndi chuma chathu, ndipo ambiri amabaya okha ziweto atauzidwa muyezo ndi alangizi. Sirinji ya 5 ml nthawi zambiri timizere take timayenda ndi 0.2 ml, pamene yaikulu ya 20 ml imayenda ndi 1 ml. Munthu wozolowera imodzi akagwira inayo n'kumawerenga timizere mmene anazolowera, kambuzi kalandira mankhwala ochuluka kapena ochepa zedi. Pezani kaye increment ya sirinji yomwe ili m'manja mwanu. Za mankhwala a anthu ndiye musayerekeze n'komwe, mukaona papepala palembedwa "increase in increments of" amenewo ndi malangizo oti adokotala ndiwo azikweza muyezo pang'onopang'ono akumuona wodwala, si oti muzipanga nokha kunyumba.

Pomaliza pake kalata yopempha increment, poti ambiri amafunsa. Isatalike. Mutu ukhale "Request for salary increment" ngati mukupempha, koma ngati kontirakiti inalonjeza kale ndipo sinabwere, lembani "Unpaid annual increment", chifukwa pamenepo simukupempha chifundo, mukukumbutsa zanu. Tchulani udindo wanu, tsiku lomwe munayamba ntchito ndi malipiro omwe mukulandira pano. Ngati ndi yolonjezedwa, tchulani ndime ya kontirakiti ndi mwezi womwe inayenera kuyamba, mwachitsanzo "My contract provides for an annual increment of 5 per cent with effect from April, which has not yet been paid", n'kupemphanso ma arrears mu chiganizo chotsatira. Ngati ndi yongopempha, nenani ntchito zomwe zawonjezeka pa inu kapena zomwe mwakwanitsa, ndipo tchulani nambala yeniyeni yomwe mukufuna, "an increment of K20,000", musangoti "any amount" ayi. Mavuto a kunyumba, fizi ya ana, matenda, ndi enieni ndipo ndikudziwa amalemera, koma m'kalata yotereyi chiganizo chimodzi chikwana, chomwe chimagwira mtima wa olemba ntchito ndi ntchito yomwe mwagwira. Lembani makope awiri, limodzi musiye ku ofesi, linalo akudindireni kapena asayine ndi kulembapo deti lomwe alandira, mukasunge mu pulasitiki pamodzi ndi kontirakiti ndi ma payslip anu, pamalo okwera pomwe madzi sangafike.